Quad yatsopano imene ndikuidikira

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga m'kalasi ya Physics, lero tiike kaye pambali za kuchonga mayeso, ticheze za chinthu chimene ambiri a inu mumandiseka nacho: njinga zamoto za matayala anayi zochitira mpikisano m'tchire ndi mumchenga, zimene eni ake amazitcha quad. Sindinakhalepo nayo yangayanga, malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa, koma ndakhala ndikutsatira nkhani zake kuyambira ndili ku koleji. Chaka chilichonse makampani akamalengeza njinga zawo zatsopano, ine ndi anzanga okonda masewerowa m'maiko ena timakhala tcheru kuti mwina ulendo uno tiona quad yatsopano yampikisano. Zaka zadutsa tikungodikira.

Kuti mumvetse chimene tikudikira, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 1970 kampani ya Honda inatulutsa kanjinga ka matayala atatu, ndipo ku America anthu anakakonda kwambiri. Vuto linali lakuti njinga zamtunduwu zinkagubuduzika msanga pokhota, moti anthu ambiri anavulala, ena kufa kumene, ana omwe. Mu 1988 boma la America linagwirizana ndi makampani kuti aleke kugulitsa za matayala atatu. Nthawi imeneyo n'kuti Suzuki itatulutsa kale ya matayala anayi mu 1982, ndipo mu 1985 inabweretsa LT250R, yopangidwira mpikisano. Honda inayankha ndi TRX250R mu 1986, Yamaha nayo ndi Banshee mu 1987.

Nyengo yokoma kwenikweni inayamba cha m'ma 2004. Yamaha inatulutsa YFZ450, Honda inatulutsa TRX450R, Suzuki inatsatira ndi LT-R450 mu 2006, ndipo pofika 2008 Kawasaki, Can-Am ndi KTM nawo anali atalowa m'bwalo. Masiku amenewo ndinkapita ku kafe ya intaneti ndi ndalama yanga yochepa, n'kudikira mphindi zingapo kuti chithunzi chimodzi chitseguke, kungofuna kuona kuti kampani yakuti yakonza zotani. Munthu unkadziwa kuti chaka chamawa kubwera china choposa cha chaka chino.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Mavuto a zachuma a mu 2008 anachititsa kuti anthu aleke kugula zinthu zongosangalalira. Nthawi yomweyo kampani ya Polaris inali itangotulutsa RZR, kagalimoto kam'tchire kokhala ndi chiwongolero, mipando iwiri, malamba ndi zitsulo zoteteza mutu. Bambo wa ndalama zake anaona kuti m'menemo atha kukwera ndi mayi a kunyumba popanda kuthyoka msana, makampani nawo anaona kumene kuli phindu. Mmodzimmodzi anayamba kutuluka, ndipo Honda inasiya kupanga TRX450R itatha 2014. Pa makampani anayi akuluakulu a ku Japan, yatsala ndi Yamaha yokha imene ikupangabe quad yampikisano ya 450cc, YFZ450R, imene inayamba kutuluka mu 2009.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi cha Dakar Rally. Kuyambira 2009, pamene mpikisanowu unasamukira ku South America, ma quad anali ndi gawo lawolawo. Tinaona abale awiri a ku Argentina, Marcos ndi Alejandro Patronelli, akulandirana chikho. Tinaona Ignacio Casale wa ku Chile akupambana katatu. Ndipo mu 2024, ku Saudi Arabia, Manuel Andújar anapambana. Ameneyo ndiye anali wotsiriza. Kuyambira 2025 gawo la ma quad linachotsedwa, chifukwa opikisana anali atachepa ndipo makampani sankaikaponso mtima. Taonani izi: onse amene anapambana gawoli kuchokera 2009 mpaka 2024 anali pa Yamaha. Mpikisano wa kampani imodzi uli ngati kalasi imene mwana mmodzi amakhala nambala wani teremu iliyonse popanda womuopseza. Mapeto ake iyenso amagona.

Mwina mukufunsa kuti, kodi aphunzitsi, bwanji osangokondwera ndi timagalimoto tatsopanoto? Yankho lili mu Physics yomwe ija. Galimoto ikamakhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati, ndipo pali chipangizo chotchedwa differential chimene chimalola kuti lililonse lizungulire pa liwiro lake. Quad yampikisano ilibe chimenecho. Matayala ake akumbuyo ali pa chitsulo chimodzi chokokedwa ndi tcheni, ndipo amazungulira mofanana. Choncho kuti ikhote, wokwerayo ayenera kusuntha thupi lake, kupendekera mkati mwa kona, n'kulola kumbuyo kutsetsereke pang'ono. Njingayo imalemera makilogalamu pafupifupi 180, ndiye munthu wa makilogalamu 70 akasuntha, centre of gravity ija tinkajambula pa bolodi imasunthadi. Wokwera quad ndi mbali ya makinawo. M'kagalimoto kaja munthu wamangidwa pampando, thupi lake lilibe chonena. Luso limeneli ndilo lingatayike masewerowa akafa.

Tsono quad imene ndikuidikira ndi yotani? Anzanga ambiri akulota kuti Honda idzabwerera ndi ya 450cc yamphamvu kuposa Yamaha. Ine maganizo anga ndi osiyana. Ya mphamvu zoopsa idzagulidwa ndi akatswiri ochepa amene alipo kale, ndipo pakatha zaka zitatu kampani idzati sizikuyenda malonda, n'kuisiyanso. Imene ikusowa ndi yapakatikati. Kale kunali Honda 400EX imene inatuluka mu 1999, ya injini yozizira ndi mphepo, ndi Suzuki LT-Z400 ya mu 2003. Zinali zotsikirapo mtengo, zolimba, ndipo mnyamata wodziwa kugwira sipanala ankatha kuikonza yekha pakhonde. Akatswiri ambiri anaphunzirira pa zoterezi. Lero tima quad ta ana tilipo, ya akatswiri ilipo, koma gulu la 400cc lija makampani a ku Japan analisiya.

Ife aphunzitsi izi timazidziwa bwino. Sukulu imene ili ndi Folomu 1 ndi Folomu 4 yokha, pakati palibe kanthu, singatulutse ana okhoza mayeso a MSCE ngakhale itakhala ndi labu yokongola chotani. M'mera mpoyamba. Kampani imene ikufuna kuti masewerowa adzuke ipange quad yopepuka, ya kalachi ndi magiya asanu kuti mwana aphunzire kuyendetsa kwenikweni, ya mtengo woti kholo lingayerekeze, ndi zipangizo zopezeka mosavuta. Ikhale ya petulo kapena ya magetsi, kwa ine si nkhani yaikulu. Ndipo poigulitsa, helemeti ndi maphunziro a kayendetsedwe zikhale mbali ya mtengowo. Za 1988 zija zinatiphunzitsa kuti masewero amene akuvulaza ana, boma limalowererapo.

Ena a inu mudzati ndikudandaula za zoseweretsa za anthu olemera, pamene kuno choko chenichenicho chimavuta. Ndi zoona, ndipo sindikukana. Koma angapo mwa ana anga amene lero ndi amakaniko ndi mainjiniya anayamba kumvetsera Physics tsiku limene ndinabwera ndi chithunzi cha quad ikukhota mumchenga n'kuwafunsa chifukwa chimene wokwerayo walendewera mbali imodzi. Ndikufuna kuti ana a mawa adzakhalenso ndi chithunzi chatsopano choti n'kuwafunsa nacho.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye ine ndidikirabe chilengezo chikubwerachi. Inu amene muli ku Johannesburg ndi ku UK, mukadzaiona isanandifike nkhani yake, mudzandiuze.