KU WILLIAMSPORT, KOMWE BWALO ADALIYEZA PA MSINKHU WA MWANA

Munthu wochokera ku New York pa galimoto amayenda maola ngati anayi kulowera kumadzulo asanafike ku Williamsport, m'chigawo cha Pennsylvania, m'dziko la America. Mbali yaikulu ya njirayo ndi mapiri ndi nkhalango. Mzindawo ndi waung'ono, anthu ake sakwana 30,000, ndipo uli m'mbali mwa mtsinje wa Susquehanna. Tsidya lina kuli kamzinda kotchedwa South Williamsport. Mlatho wolumikiza mbali ziwirizi adaupatsa dzina la bambo Carl Stotz, kalaliki wamba amene ankaphunzitsa ana masewero a baseball.

Kale mzindawu udalemera ndi matabwa. M'zaka za m'ma 1800 mitengo inkadulidwa m'mapiri n'kuyandamitsidwa pa mtsinje mpaka ku macheka a pa Williamsport. Nyumba zikulu-zikulu za eni machekawo zikadalipo mu msewu wa West Fourth Street. Koma nkhalango itatha, chumacho chidapita nayo, ndipo pofika 1938 dziko lonse la America lidali pa mavuto a zachuma, ntchito zikusowa.

Masewero a baseball ndi achilendo m'Mozambique muno, kupatula kwa aja adakaphunzira ku Cuba, pa chilumba cha Isla de la Juventud. Mwachidule amayenda chonchi: timu iliyonse imakhala ndi osewera 9. Wina amaponya kampira kolimba kokwana m'dzanja, wa timu inayo amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi oikidwa ngati ngodya za nyumba, omwe amati mabesi. Akabwerera pomwe adayambira, chimenecho ndi chigoli. Mpira ukamutsogolera kufika pa besi, watuluka.

Tsiku lina m'chaka cha 1938 a Stotz, omwe adali ndi zaka 28, ankaponyerana mpira pabwalo la nyumba ndi anyamata awiri a pachibale, Jimmy ndi Major Gehron, amene ankawaitana kuti amalume. Pothamangira mpira adapunthwa pa chitsamba cha maluwa n'kudzipweteka mwendo. Atakhala pansi adafunsa anyamatawo ngati angakonde kusewera m'timu yeni-yeni, yokhala ndi yunifomu, mpira watsopano ndi zibonga za msinkhu wawo. Mwana ndani angakane zotere? Iwo adavomera, ndipo amalumewo adazindikira kuti alonjeza chinthu chomwe panalibe poti n'kukachitenga.

Vuto loyamba lidali bwalo. Pa bwalo la akulu-akulu, kuchoka pa besi imodzi kufika pa inzake pali mamita 27. Mwana wa zaka 10 akaponya mpira mtunda umenewo, umagwera panjira kapena umafika mochedwa, wothamanga atapuma kale. Kukoma kwa masewerowa kuli pa mpikisano wa mpira ndi miyendo, kuti afike msanga ndani. Mpikisanowo ukasowa, chotsala ndi kufuula basi. Choncho a Stotz adasonkhanitsa ana a m'deralo madzulo aliwonse, n'kumasendeza mabesi uku ndi uku, akuyang'ana momwe anawo akuthamangira ndi kuponyera. Potsiriza adakhazikika pa mamita 18, magawo awiri mwa atatu a bwalo la akulu. Muyeso umenewo ndiwo ukugwira ntchito mpaka lero. Masewero nawo adawafupikitsa, zigawo 6 m'malo mwa 9 za akulu.

Mphunzitsi wina akadayamba ndi kukalipira ana kuti alimbe mkono. Awa adasiya mwana monga alili n'kusintha bwalo, ndipo adachita zimenezi chaka chisanafike choti ayambe ligi.

Kenaka idadza nkhani ya ndalama. Timu iliyonse inkafuna madola 30 ogulira yunifomu ndi zipangizo. A Stotz adayenda khomo ndi khomo kwa amalonda a mu mzindamo, ndipo malo oposa 50 adawabweza chimanja-manja. Woyamba kuvomera adali a Floyd Mutchler a kampani ya mkaka ya Lycoming Dairy. Pambuyo pake kudabwera Lundy Lumber ya matabwa ndi Jumbo Pretzel. Matimu atatu amafuna aphunzitsi atatu, ndiye a Stotz adanyengerera a George Bebble ndi m'bale wawo a Bert kuti atenge awiri enawo. Onse ankagwira ntchitoyi atawerukira ku ntchito zawo, popanda malipiro.

Masewero oyamba adachitika pa 6 Juni 1939. Lundy Lumber idakwapula Lycoming Dairy ndi zigoli 23 kwa 8. Timu yogonjayo ndi yomwe ankaphunzitsa a Stotz eni ake.

Mlendo wofuna kuona zomwe zidatuluka m'matimu atatu aja awoloke mlatho m'mwezi wa Ogasiti. Ku South Williamsport kuli bwalo la Howard J. Lamade Stadium, lomwe lidatsegulidwa mu 1959, ndi lina pafupi pake lotchedwa Volunteer Stadium, la mu 2001. Kumeneko chaka ndi chaka kumachitika mpikisano wa Little League World Series, womwe udayamba mu 1947. Kuyambira 2022 kumabwera matimu 20, khumi a m'America ndi khumi a mayiko ena, ana a zaka 10 mpaka 12. Pa khomo salipiritsa. Kuseri kwa bwalo la Lamade kuli chitunda cha kapinga pomwe mabanja amayala zofunda n'kukhala, ndipo pa masiku akulu owonerera amapitirira 40,000, kuposa anthu onse a mu Williamsport. Ana ambiri pa chitundacho sasamala n'komwe za zigoli. Amang'amba makatoni, kukhalira, n'kumatsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi, matako ali tho ndi dothi.

Munthu amene akukonzekera kuphunzitsa timu ya ana m'bungwe la Little League masiku ano ali ndi zambiri zoti aphunzire mwana asanagwire chibonga. Bungweli limayamba lafufuza mbiri ya wamkulu aliyense wodzipereka, kuti ana asaperekedwe m'manja mwa chilombo. Chachiwiri ndi mkono wa mwana. Kuyambira 2007 mipira yomwe woponya waponya imawerengedwa umodzi-umodzi. Wa zaka 11 kapena 12 saloledwa kupitirira 85 pa tsiku, ndipo akaponya yambiri amapumula mpaka masiku anayi. Lamuloli lidabwera chifukwa aphunzitsi ofunitsitsa kupambana ankapanikiza mwana mmodzi waluso mpaka chigongono ndi phewa kuonongeka mafupa asanakhwime. Palinso lamulo loti mwana aliyense wa m'timu alowe m'bwalo, ngakhale uja wogwetsa mpira nthawi zonse. Atsikana adaloledwa mu 1974, pambuyo pa mlandu wa Maria Pepe wa ku Hoboken, New Jersey, amene adachotsedwa m'timu mu 1972 chifukwa choti ndi mtsikana.

Mapepala nawo ndi gawo la kukonzekera, ndipo apa ndi pomwe Africa idalira. Mu 2011 timu ya ku Kampala, Uganda, idapambana masewero onse oyenera kuti ipite ku Williamsport, koma anawo adakanizidwa maviza chifukwa masiku obadwira m'mapepala awo sankagwirizana. Amene adakulira kumudzi, kutali ndi ofesi yolembetsa ana obadwa, akudziwa momwe zotere zimachitikira popanda aliyense kufuna kunama. Koma akulu-akulu a masewerowa adapsapo kale: mu 2001 timu ya ku Bronx, New York, idafufutidwa zopambana zake zonse zitadziwika kuti woponya wake adali ndi zaka 14. Mu 2012 timu ya ku Lugazi, ku Uganda komweko, idakonza mapepala ake bwino ndipo idakhala yoyamba ya mu Africa kusewera pa mpikisanowu.

Chodabwitsa n'choti a Stotz sadali nawo pa ulemerero wa tsidya la South Williamsport. Ligi itakula, kampani ya United States Rubber idayamba kuthiramo ndalama mu 1948, ndipo mu 1952 mmodzi wa mabwana ake, a Peter McGovern, adakhala mtsogoleri wa bungwelo. A Stotz ankaona kuti mphamvu zikuchoka kwa aphunzitsi odzipereka kupita kwa anthu a maofesi, komanso kuti mpikisano waukulu ukuphimba masewero a pamudzi. Mu 1955 adakamang'ala ku khothi. Nkhaniyo idatha mokambirana mu 1956, ndipo iwo adatuluka m'bungwe lomwe adaliyambitsa. Mbali zonse zidali ndi mfundo. Popanda ndalama za makampani, ana a ku Lugazi sakadakwera ndege. Komabe munthu akaona makamera a wailesi ya kanema atalunjika pa nkhope ya mwana wa zaka 12 amene akulira chifukwa choponya molakwika, amamvetsa chomwe bamboyo ankaopa.

Atachoka, a Stotz adabwerera ku bwalo laling'ono la mu West Fourth Street, pomwe mpikisano uja unkachitikira kuyambira 1947 mpaka 1958, n'kupitiriza ndi ligi ya ana a m'deralo yomwe idatchedwa Original League. Adamwalira mu 1992 ali ndi zaka 82. Bwalolo likadalipo ndipo limatchedwa ndi dzina lawo. Lili ndi mipando yochepa, ndipo kumbuyo kwake kuli chimtumbira chotchinga madzi osefukira. Alendo ambiri a mu Ogasiti amawoloka mlatho wa a Stotz kuthamangira ku chitunda cha makatoni osapatukira kumeneko, koma nyengo ya masewero ikafika ana a mu Williamsport amasewerabe pomwepo madzulo, mabesi ali motalikirana mamita 18.