Loko wachinayi

Aliyense amene anakhalapo mu banki m'khonde akulidziwa bokosi lachitsulo lija la maloko atatu. Makiyi ake amasunga anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limakagona kwa munthu wina amene alibe kiyi ngakhale mmodzi. Nzeru imeneyi inayambira ku Niger m'chaka cha 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo itafika kwathu kuno amayi anailandira ndi manja awiri, poti ndalama ilibe mbale. Koma masiku ano m'magulu ena mwalowa loko wachinayi amene sitinamuganizire, ndiye pasiwedi ya pa laputopu. Loko ameneyu kiyi wake amakhala m'mutu mwa munthu mmodzi basi.

Achimwene anga anagwira ukalaliki pa esiteti ya tiyi kwathu ku Makwasa mpaka kupuma. Atapuma, amayi ena othyola tiyi anawapempha kuti aziwalembera za gulu lawo. Poyamba ankalemba m'kope, koma mwana wawo atawagulira laputopu yakaunjika ku Limbe, zonse anasamutsira m'menemo: masheya a munthu aliyense, ngongole, chiwongoladzanja, ngakhale chindapusa cha obwera mochedwa.

Anatisiya mu Novembala 2024, kutangotsala milungu itatu kuti gulu ligawane. Inu owerenga mukudziwa tanthauzo la Disembala kumudzi. Mvula yagwa, chimanga chikufuna feteleza, fizi ya Januwale ili pakhomo. Ndalama zinalimo m'bokosi, koma angagawe ndani osadziwa kuti uje anaponya zingati ndipo uje anakongola zingati? Timabuku ta mamembala tinalipo, koma tina tinanyowa ndi mvula ya Freddy mu Malichi 2023 ndipo eni ake sanatilabadirenso, poti ankati zonse zili kwa alembi.

Titasesa, amayi apampando anabwera kudzakhala pamkeka ndi alamu anga. Analankhula mwaulemu ndithu, koma mawu ake anali olemera. "Pepani amayi, sitikufuna kukuvutitsani pachisoni, koma anthu ayamba kuyankhula." Kumudzi anthu akayamba kuyankhula ndiye kuti dzina la munthu layamba kudetsedwa. Ena ankanong'ona kuti kompyutayo yatsekedwa dala, ati akubanja pali chimene akubisa. Munthu woti wagona kumanda sangadziyankhire.

"Alamu, tsegulani chinthuchi," anatero alamu anga akundipatsira laputopu ija. "Abambo awo sanadyepo tambala ya munthu."

Ndinayesa mayina a ana, chaka chawo chobadwa, dzina la mudzi, ngakhale la timu imene ankaikonda. Makina ankangokana. Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, kumene mnyamata wina wokonza mafoni anayitembenuza kawiri nati, "Madala, iyi n'kungoifomata, mawa mudzaitenga ikugwira." Nditafunsa ngati zolembedwa zija zidzatsale, anaseka nati zonse zipita. Ndinailanda msangamsanga n'kubwerera nayo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene anatitsogolera ndi mwana wa malemu yemweyo, mtsikana amene akuphunzira za unamwino ku Malamulo, mishoni yakale ija ya a Seventh-day Adventist imene inayamba mu 1902. Atayang'ana pagalasi anaona kuti pansi pa dzina la bambo ake pali imelo. "Bambo aang'ono," anatero, "apa zikutanthauza kuti pasiwediyi ndi ya akaunti ya Microsoft. Sili m'kompyutamu mokha ayi, tingathe kuisintha pa intaneti."

Anandifotokozera zimene ndikufuna nanunso muzidziwe. Pa Windows pali maakaunti amitundu iwiri. Ina ndi ya m'kompyuta momwemo, ndipo ukaiwala pasiwedi umayankha mafunso amene mwiniwake anasankha poyambirira. Ina ndi yolumikizidwa ndi imelo, ndipo ukaiwala amakutumizira nambala yachinsinsi pafoni kapena pa imelo ina imene unalembetsa. Anatinso makompyuta ambiri atsopano amabisa zonse zam'kati ndi chida chotchedwa BitLocker, moti ngakhale utachotsa hadi disiki n'kukaiika m'kompyuta ina suwerenga kanthu popanda kiyi wa manambala 48, amenenso amasungidwa mu akaunti yomweyo. Choncho khomo linali limodzi lokha, ndipo linali pafoni ya malemu.

Mwamwayi alamu anga anali akuitchajabe foniyo chifukwa abale akutali ankaimbabe kudzapepesa maliro. Ikanakhala kuti inatayidwa m'sutikesi, nambalayo ikanadzatsekedwa pakapita miyezi n'kupatsidwa munthu wina. Tinakhala pakhonde tonse atatu, alamu atagwira foni m'manja mwawo, poti chilolezo chinali chawo. Mtsikana uja anatsegula tsamba losinthira pasiwedi pafoni yake, ndipo posakhalitsa foni ya malemu inalira. Alamu anawerenga manambalawo mmodzimmodzi, mawu akunjenjemera.

Koma laputopu inakananso pasiwedi yatsopanoyo. Mtima wanga unangoti myuu. Mwana uja sanatekeseke, anati makinawo sanamve za kusinthaku chifukwa sali pa intaneti. Anayatsa hotisipoti pafoni, tinalumikiza, n'kulembanso. Abale inu, chinatseguka!

Zonse zinalimo, mzere ndi mzere, mpaka msonkhano womaliza umene achimwene anakhalapo. Tsiku logawana makiyi atatu aja anatsegula bokosi, ndalama anaziwerenga pamaso pa onse, ndipo zinafanana ndi zolembedwa osaperewera ngakhale kwacha imodzi. Amayi amene ankanong'ona aja ndiwo anayamba kululutira.

Sindikunena kuti tizimwaza mapasiwedi athu ngati mbewu, chifukwa akuba a pafoni ndi ambiri ndipo aliyense ali ndi zinsinsi zake. Koma za gulu si za munthu mmodzi. Gulu la kwathu lija linapangana zinthu zitatu: mlembi watsopano azilembanso m'kope, mwezi uliwonse zolembedwa azizikopera pa fulashi, ndipo pasiwedi ilembedwe papepala, imatidwe mu envelopu n'kuikidwa m'bokosi momwemo. Tsopano woifuna ayenera kuyamba waitana anthu atatu a makiyi, monga mmene zimakhalira ndi ndalama. Magulu enanu a ku Thekerani, ku Luchenza ndi kwina konse, funsani alembi anu lero lino, akadali ndi moyo.