Ndisanaloze mlonda chala, ndimayamba ndaona wotchi

Ntchito yanga ndi kuika ndi kukonza ma alamu ndi zitseko zotsegula ndi khadi m'maofesi ndi m'nyumba zosungiramo katundu muno mu Lilongwe. Anthu amayesa ndimangokhalira kukwera makwerero ndi mawaya m'manja, koma nthawi yambiri ndimathera pa kompyuta, kuwerenga zomwe makina analemba okha: chitseko chiti chinatseguka, nthawi yanji, ndi khadi ya ndani, sensa iti inaliza alamu.

Eni nyumba amakumbukira kuti mbiri imeneyi ilipo tsiku lomwe katundu wasowa basi. Pondiitana amakhala ataweruza kale. "Amisiri, tangotitulutsirani pepala la usiku wa Loweruka, wachita izi tikumudziwa." Amene akumudziwayo kawirikawiri amakhala mlonda.

Pepalalo sindifulumira nalo. Ndimayamba ndayerekeza wotchi ya makina a zitseko, ya alamu, ya makamera ndi ya foni yanga. Zipangizo zambiri zochokera ku China zimafika zitatcheredwa pa nthawi ya kwawoko, yomwe ili patsogolo pa yathu ndi maola 6. Woika akapanda kusintha, makina n'kumatenga nthawi pa intaneti, chitseko chimene chinatsegulidwa 4 koloko masana ofesi ili yodzaza chimalembedwa kuti 10 koloko usiku, mlonda ali yekhayekha. Munthu angathe kugona m'chitolokosi chifukwa cha ulesi wa mmisiri mnzanga.

Kenako ndimawerenga mizere ya pamwamba pa mzere womwe bwana akuloza. Makina akalemba door forced, amangotanthauza kuti chitseko chatseguka popanda khadi kapena batani lotulukira. Sanena kuti wina wathyola. Loko ya maginito imagwira ndi magetsi, ndipo anaipanga dala kuti magetsi akathima izimasuka, anthu asatsekeredwe mkati moto ukabuka. Chimaithandiza ndi kabatire ka mavoti 12. Mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, kuthimathima kunafooketsa mabatire ambiri, moti mbiri za chaka chimenecho zimayenda motere: magetsi athima, batire yatsika mphamvu, chitseko chatseguka. Wakuba palibe. Pamenepo ndi mphepo yakankha.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri si alamu yolira kamodzi pakati pa usiku ayi, koma yolira tsiku ndi tsiku pamalo amodzimodzi. Mwina kangaude wamanga ukonde pamaso pa sensa, kapena nalimata amayendapo; mwina chitseko chathabwa chafufuma ndi mvula, tizigawo tiwiri ta sensa ya maginito tosonyeza kuti chatsekeka sitikuyang'anananso. Alonda amatopa nayo, ndipo sindiwadzudzula. Mapeto ake wina amathimitsa chigawo chimenecho kuti pakhale bata, ndipo mbiri imaonetsa tsiku lomwe anachithimitsa, koma tsiku lochiyatsanso osaoneka. Mbava yodziwa nyumbayo imalowera pomwepo.

Za makadi ndiye nkhani ina. Khadi siidziwa nkhope. Mbiri ikati khadi ya wakuti inatsegula sitolo, ine ndimalemba kuti khadi, osati munthu, mpaka kamera itavomereza. M'maofesi mwathumu kubwerekana khadi kuli ngati kupemphana mchere, ndipo ndimapezanso makadi a anthu omwe anasiya ntchito kalekale akutsegulabe zitseko, chifukwa palibe amene anauzidwa kuti awafufute.

Dziwaninso kuti makinawa sasunga zinthu mpaka kalekale. Malo akadzaza, zatsopano zimafufuta zakale, ndipo alamu yongolira chabe ija ndiyo imadzazitsa msanga. Mukachedwa kundiitana, usiku womwe mukuufunawo umakhala utafufutika.

Inu oyang'anira nyumba, patulani ola limodzi mwezi uliwonse: onani ngati mawotchi akugwirizana, sungani mbiriyo pamalo ena, yesani batire, ndipo makadi a anthu omwe anachoka muwafufute tsiku lomwe atsanzika.