Ku Makhanda kulibe mbaula

Ambuya atamva kuti ndapeza malo ku yunivesite ya ku South Africa, anandifunsa funso limodzi chabe: "Nanga ku Joni kumeneko anthu amaotha chiyani?" Kwa iwo South Africa yonse ndi Joni. Ndinaseka, n'kuwauza kuti kumeneko n'kwa magetsi, nkhani ya kuotha ndi ya kuno kumudzi. Sananditsutse, anangopitiriza kusenda nshawa zawo.

Ine ndinakulira ku Mwami, pafupi ndi malire a Zambia ndi Malawi, kumene ukangodumpha geti wafika ku Mchinji. Kuzizira ndinkaganiza kuti ndimakudziwa. Mu June ndi July tinkapita kusukulu milomo itang'ambika, miyendo itatuwa ngakhale taipaka Vaseline. Anyamata ena ankanyamula kachitini koboolaboola kokhala ndi malasha a moto, akukazunguza pa waya kuti moto usazime. Madzulo banja lonse linkazungulira mbaula imodzi, kandolo ali m'phulusa, nkhani zikuyenda mpaka tulo. Kuzizira kwa kwathu kunali kotero, ndipo ndinkati sikungandiopseze kulikonse.

Nditatsiriza digiri yoyamba ku UNZA ndinaphunzitsa zaka zinayi ku Chipata, kenako ndinapeza thandizo la ndalama lokachitira Masters ku Rhodes University. Amene munayesapo mukudziwa kuti kalata yokuvomerani ndi chiyambi chabe. Pamafunika kuti bungwe la SAQA liunike digiri yanu, pamafunika kalata ya apolisi, inshuwalansi ya kuchipatala ya ku South Africa, ndiye viza ya maphunziro. Ndinakwera mabasi a m'bandakucha kangapo pa Great East Road, kuwoloka mlatho wa Luangwa kupita ndi kubwera, mapepala ali mu envulopu ya khaki pachifuwa. Miyezi yonseyo maganizo anga anali pa kufika basi. Za mmene ndikakhalire kumeneko sindinaziganizire ngakhale tsiku limodzi.

Ndinanyamuka mu February 2023, anthu kwathu akukonzekera Nc'wala ku Mtenguleni. Ndege inandisiya ku Johannesburg, ina ku Gqeberha, kenako kabasi kanayenda pafupifupi makilomita 130 pa msewu wa N2. Titatsetsereka phiri lomaliza, woyendetsa analoza m'chigwa n'kunena kuti ndi pamenepo. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna tauni ina kuseri, koma inali yomweyo: matchalitchi ambiri, nyumba zakale za miyala, msewu waukulu wa High Street woyambira pa khomo la yunivesite n'kukathera pa tchalitchi chachikulu cha Anglican. Abulu ankayenda pakati pa msewu, magalimoto akuwapatuka mwaulemu. Ndinatumiza chithunzi kwa mng'ono wanga ndipo anandiyankha kuti, "Sisi, mwatsimikiza kuti simuli ku Katete?"

Mayinanso anandilandira ngati odziwana nawo. Yunivesiteyi inakhazikitsidwa mu 1904 ndipo ili ndi dzina la Cecil Rhodes, yemwe dziko lathu linkatchedwa dzina lake. Chipata kale inali Fort Jameson, dzina la mnzake wa Rhodes uja, ndipo pa kampasi ndinapeza nyumba yogona ophunzira imene kale inkatchedwa Jameson. Tauniyo inali Grahamstown mpaka 2018 pamene anaipatsa dzina la Makhanda, mtsogoleri wa Axhosa amene anaithira nkhondo mu 1819. Ndinakumbukira Nsingo wathu, mwana wa Mpezeni, amene anamenyana ndi Angerezi mu 1898. Ulendo wautali chonchi, mbiri n'kukhala yomwe ija.

Miyezi yoyamba inali yotentha ndipo ndinkaseka za funso la Ambuya. Chokhacho chimene chinandidabwitsa ndi madzi. Pampopi ankatha masiku, ndiye anthu ankapita ndi zigubu ku kasupe wa Fairview pa msewu wopita ku Port Alfred. Ine amene ndinkati ndasiya kutunga madzi mpaka kalekale ndinapezeka pa mzere ndi chigubu, kutsogolo kwanga mphunzitsi wa pa yunivesite, kumbuyo mayi wa ku Joza.

Mphepo inayamba mu May. Inkabwera ndi mvula yowaza, ndipo inkalowa pansi pa chitseko ngati ikulipira nawo lendi. Chipinda changa chinali m'nyumba yakale ya denga lalitali ndi pansi pa matabwa, imene eni ake anaigawa zipinda zochititsa lendi kwa ophunzira. M'kati munkazizira kuposa panja. Dzuwa linkalowa itangopitirira 17 koloko. Ndinagula hita yaing'ono, koma inkadya mayuniti ngati ng'ombe yanjala, ndipo chaka chimenecho magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse m'dziko lonselo. Ndinkagona nditavala masokosi awiri, juzi, jekete ndi chitenje kumutu, botolo la madzi otentha lili kumapazi. Zovala ndikachapa zinkatha masiku atatu zisanaume.

Zonsezi thupi limazolowera. Chimene sindinachikonzekere ndi chakuti Masters yanga inali ya kafukufuku, yopanda makalasi a tsiku ndi tsiku. Woyang'anira kafukufuku wanga ndinkakumana naye kamodzi pa milungu iwiri. Masiku ena onse anali ine, laputopu ndi mabuku. Ku UNZA tinkagona anayi m'chipinda cha awiri ndipo ndinkalakalaka bata. Manje bata ndinalipeza, lochuluka kuposa limene ndinapempha. Tsiku lina ndinawerenga n'kupeza kuti kwa masiku anayi mawu okha amene anatuluka pakamwa panga anali "enkosi", kuthokoza wogulitsa m'sitolo. Pa Facebook ndinkaika zithunzi nditaima pa Drostdy Arch nditavala sikafu, anzanga n'kumalemba kuti ndafika. Ndikanawauza bwanji kuti ndikuvutika, anthu amene akufunsira malo omwewa chaka ndi chaka osapeza?

Kumapeto kwa June tauniyo inadzaza chifukwa cha National Arts Festival, chikondwerero cha zisudzo ndi nyimbo chimene chimachitika kumeneko kuyambira 1974. Kwa masiku ochepa kunali piringupiringu. Chitatha, alendo anapita, ophunzira ambiri anali kale kutchuthi, ndipo m'misewu munatsala ife ochokera kutali pamodzi ndi abulu.

Mlungu womwewo amalume anaimba foni. Ambuya anagonekedwa pa chipatala cha Mwami ndi chibayo. Ambuya ndiwo anandilera kuyambira ndili Giredi 3, amayi atamwalira. Ndinatsegula intaneti kuona mitengo ya ndege, n'kuona kuti kupita ndi kubwera kudya lendi ya miyezi ingapo, komanso ndalama imene ndinkatumiza ya sukulu ya mng'ono wanga. Ndinadziwanso mumtima kuti ndikapita sindibwerera. Usiku umenewo magetsi atathima ndinalemba imelo yosiya maphunziro. Ndinalemba kuti ndi chifukwa cha matenda a pabanja. Zinali zoona, koma ndinkadziwa kuti matendawo angondipatsa khomo limene ndinali kulifuna kale. Sindinaitumize, ndinati ndiyambe ndalankhula ndi Ambuya.

M'mawa amalume anawaikira foni kukhutu. Mawu awo anali otsika, akupuma movutika.

"Ambuya, ndibwera. Ndikudzakusamalirani."

"Ukabwera udzandibaya jakisoni ndiwe? Kuno anamwino alipo, amalume ako alipo, a kutchalitchi abwera dzulo mpaka benchi kuchepa."

"Koma Ambuya..."

"Iwe, wadya ndi ndani dzulo?"

"Ndekha."

"Dzana?"

"Ndekha."

Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti netiweki yadula. Kenako anati, "Ndiye wodwala ndiwe, mdzukulu wanga. Ine ndili ndi anthu."

Ndinalira foni itatha, koma ndinakwiyanso, poti ananena zoona pamene ine ndinkafuna kuti andiitane. Tsiku limenelo sindinathe kuwerenga. Ndinatuluka n'kukalowa ku International Library of African Music, malo amene ndinkangowadutsa miyezi isanu. Anawayambitsa Hugh Tracey mu 1954, ndipo anasamukira ku Rhodes mu 1978. Tracey anayenda ndi makina ojambulira mawu m'maiko ambiri, kuphatikizapo Northern Rhodesia ndi Nyasaland, m'zaka za m'ma 1950. Ndinafunsa ngati ali ndi nyimbo za Achewa kapena Ansenga. Anandipatsa zomvera m'makutu.

Inali nyimbo ya pamtondo. Minsi ikugunda mosinthana, wina akutsogolera, anzake akuvomera, mawu a chinenero changa akutuluka m'kamwa mwa amayi amene mwina anali a msinkhu wa amayi awo a Ambuya. Ndinkayembekeza kuti ndimva kulakalaka kwathu, koma chimene ndinamva ndi manyazi. Kusinja ndi ntchito yolemetsa, ndipo amayi amenewa sanaichite aliyense kuseri kwa nyumba yake. Munsi umodzi ukakwera wina umatsika. Ine ndinali kusinja ndekha miyezi isanu n'kumadabwa kuti manja atopa.

Manyazi anali ndi chifukwa chinanso. M'nyumba imene ndinkakhala, chipinda choyandikana ndi changa munali mtsikana wa ku Zomba. Ndinkamumva kudzera pakhoma akulankhula Chichewa pafoni usiku uliwonse. Tikakumana m'khonde tinkangoti "hi" n'kudutsana. Ndinkadziuza kuti ndinabwera kudzaphunzira, osati kudzacheza, ndiponso kuti kuno anthu sagogoderana popanda kupangana. Mwina nayenso ankadziuza zomwezo.

Madzulo amenewo ndinagula unga ndi kabichi, ndinatsegula kapenta wa ku Mpulungu amene ndinkamusunga pansi pa sutikesi kudikira tsiku lapadera, ndinaphika nsima. Kenako ndinaima pakhomo pake, mtima ukugunda ngati ndikukafunsira ntchito, n'kunena kuti, "Odi."

Panapita kanthawi. Kenako mawu anatuluka m'katimo, "Odini?" ngati munthu amene sakukhulupirira makutu ake. Atatsegula anali atafunda bulangeti mpaka kumutu, monga ine.

Tinadya pansi m'chipinda changa, hita ili pakati. Ananditcha achemwali, ine ndinkaseka mmene ankatchulira mawu ena, iye n'kumaseka "manje" ndi "chabe" wanga. Lachisanu lotsatira anabwera ndi mnzake wa ku Mutare amene analimbikira kuti chimene taphika ndi sadza. Kenako kunabwera mnyamata wa ku Lesotho amene anatiseka kuti sitinaone kuzizira. Tinagwirizana kuti Lachisanu lililonse tizikumana m'chipinda chimodzi, kuyatsa hita imodzi, kusonkha ndalama ya mayuniti, aliyense n'kubwera ndi ndiwo ndi chaputala chake. Ankawerenga zolemba zanga ndi kundiuza pamene sizikumveka, ine n'kuwerenga zawo. Chaputala chimene chinandikanika kuyambira April ndinachimaliza mu August.

Ngakhale mzere wa ku kasupe unasintha, kapena ndinasintha ndine. Tsiku lina mayi wa kumbuyo kwanga anadandaula za "amanzi", ine ndinamuuza kuti ambuya anga amati "manzi". Tinayamba kufanizira: inyama ndi nyama, imvula ndi mvula, inkosi ndi nkosi. Ndinamufotokozera kuti Angoni a kwathu anachokera kum'mwera kuno, anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Anaseka n'kunena kuti ndiye ndangobwerera kwathu mochedwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kuyamba ndi "Molweni, mama" ndisanafunse kanthu, monga mmene kwathu sungafunse njira usanapereke moni.

Ambuya anatuluka m'chipatala patatha masiku khumi ndi awiri. Sindikufuna kunama kuti kukhala kunali kolondola chifukwa choti anachira. Akanatha kumwalira, ndipo ndikanasenza chisankho chimenecho moyo wanga wonse. Mnzanga wa ku Zomba bambo ake anamwalira mu October, ndipo maliro anawaonera pafoni, ife titamuzungulira pa bedi lake. Mtengo wa kuphunzira kutali ndi umenewo, ndipo sulembedwa pa kalata ya sikolashipu. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku limenelo sanalire yekha.

Manje ena a inu mumandilembera kufunsa za mafomu, za SAQA, za mmene mungalembere kalata yopempha thandizo. Ndimayankha zonse, ndipo pitani, musaope. Jekete yokhuthala mukagule komweko kapena pa salaula musananyamuke, masokosi akhale ambiri, ndipo ndalama ya mayuniti a June ndi July muziyamba kuisunga mu March. Mthiko musaiwale. Mbaula musayese kuiyatsa m'chipinda chotseka, utsi wa malasha umapha munthu ali m'tulo. Koma koposa zonse, mlungu woyamba, kukadali kotentha, mukagogode pakhomo la woyandikana nanu. Ine ndinadikira mpaka nditalemba imelo yosiya sukulu, ndipo panatsala pang'ono kuti ndiitumize.

Mu December ndinabwera kutchuthi. Ndinatsika basi ku Chipata, ndinakwera takisi ya ku Mwami, ndinapeza Ambuya pakhonde akusankha mbewu ya nshawa, ataonda koma maso ali gwa. Nditagwada n'kuwapatsa moni, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye unapeza chimene amaotha kumeneko?"

"Ndinapeza, Ambuya. Tilipo asanu ndi awiri."

"Eya," anatero, n'kundisunthira lichero kuti ndiwathandize kusankha.