Nyumba yoyenda pa matayala

Ntchito yanga ndi yokonza magalimoto amene mkati mwake muli nyumba. Kuno ku Johannesburg amawatcha motorhome. Kutsogolo ndi galimoto monga ina iliyonse, kawirikawiri Fiat Ducato, Iveco Daily kapena Mercedes-Benz Sprinter, koma kumbuyo kuli bedi, chitofu cha gasi, firiji, sinki, bafa ndi chimbudzi. Ena amamanga kanyumba kotere pa Toyota Hilux kapena Land Cruiser kuti azitha kulowa nayo m'tchire. Pochoka kwathu ku Ntcheu ndinali makaniko wa injini ndi mawaya basi. Ntchito ino inandiphunzitsa kukhalanso pulambala, kalipentala ndi munthu wa gasi, poti mwini galimoto akabwera ndi dandaulo amafuna munthu mmodzi womvetsa vuto lonse.

Mavuto ambiri a motorhome amayamba ndi tinthu ting'onoting'ono. Nyumba yomangidwa pansi imakhala phee zaka zonse, pamene iyi imagwedezeka kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Masikulu amamasuka, mawaya amakhulana ndi chitsulo, mapaipi amasomphoka pang'ono polumikizira. Ikabwera ku ulendo imaimikidwa padzuwa miyezi ingapo, ndipo labala amauma, batire limatha moto, akangaude amalowa m'timabowo. Kugwedezeka ndi kuima nthawi yaitali ndi kumene kumaiwononga. N'chifukwa chake ine ndimayamba ndi kufunsa mwini wake, kenako ndimayeza, ndipo kugula chipangizo chatsopano kumabwera pomalizira penipeni. Ndimafunsa kuti vutolo linayamba liti, anali pa msewu wotani, limachitika injini ikulira kapena itazima. Mayankho a mafunso amenewa amandilozera malo oyambira.

Magetsi ndiwo amabweretsa anthu ambiri. Motorhome imakhala ndi mabatire awiri: lolizira injini ndi la m'nyumba, limene limayatsa mababu, pampu ya madzi ndi zotchajira mafoni. Injini ikamalira, alitaneta imatchaja onse awiri, koma ikazima amalekanitsidwa kuti munthu asadzuke m'mawa galimoto ikukana kulira. Batire wamba la asidi likadzaza n'kupuma limawerenga mavoliti 12.6 kapena 12.7. Likatsika kufika cha pa 12.1 ndiye kuti latsala ndi theka, ndipo kulitsitsa kupitirira pamenepo kawirikawiri kumalipha msanga. Injini ikamalira, mita iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4.

Tsiku lina kunabwera bambo ndi mayi achikulire, atatopa ndi mdima. Akaima usiku, mababu ankazima asanamalize n'kudya komwe. Pa galaja ina anawagulitsa batire latsopano lodula, koma vuto silinasinthe. Mnyamata amene ndimamuphunzitsa ntchito, wa kwathu komwe, anali atagwira kale sipanala kuti atulutse batirelo.

"Iwe, tayamba waika sipanalayo pansi," ndinatero. "Mita ili kuti?"

"Achimwene, batire limeneli n'lakufa, likuwerenga 12.0."

"Liza injini, uyezenso onse awiri."

La kutsogolo linakwera kufika 14.2, la m'nyumba linangokhala pomwepo. Batire linalibe mlandu, moto ndi umene sunkalifika. Tinatsata waya wofiira wonenepa kuchokera ku injini, tinadutsa pansi pa mpando wa dalaivala, n'kupeza fyuzi ili bwinobwino. Kenako tinatsata wakuda wopita ku chitsulo cha galimoto. Bawuti yake inali yomasuka moti ndinaizunguza ndi zala, ndipo pansi pa washala panali ufa wobiriwira wa dzimbiri. Tinapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, tinamanga zolimba, tinapaka girisi. Mita inalumpha kufika 14.0. Mayi aja anafunsa kawiri ngati tinamalizadi.

Magalimoto ambiri atsopano ali ndi alitaneta imene imachepetsa yokha mphamvu pofuna kupulumutsa mafuta, choncho batire la m'nyumba silidzaza pokhapokha paikidwe tchaja yapadera pakati pa mabatire awiriwo. Amene asinthira ku mabatire a lithium adziwe kuti salola kutchajidwa kuzizira kukafika pansi pa madigiri 0, ndipo mu June ndi July usiku wa ku Karoo kapena ku mapiri a Drakensberg umafika pamenepo. Sola ya padenga imathandiza, koma ikakutidwa ndi fumbi imapereka moto wochepa. Kansalu konyowa kamathetsa nkhaniyo.

Firiji ya m'magalimoto ambiri oterewa imayendera zinthu zitatu: gasi, magetsi a mavoliti 230 a pamalo ogona, ndi a mavoliti 12 a galimoto. Ilibe injini mkati, imazizira chifukwa cha kutenthetsa madzi a ammonia amene amazungulira m'mapaipi kuseri kwake. Madziwo amayenda bwino galimoto ikaima mowongoka. Mukaima mopendekeka, firiji imaleka kuzizira, ndipo mukaisiya ikuyaka choncho nthawi yaitali imawonongekeratu. Munthu akandiuza kuti nyama inawola pa ulendo, ndimayamba ndafunsa malo amene anaima. Kenako ndimatsegula zitseko ziwiri za mpweya za kunja. M'kabowo kotulukira gasi ndimapezamo ukonde wa akangaude kapena mwaye, ndipo moto wake umakhala wachikasu m'malo mokhala wabuluu. Ndimapemerera ndi mpweya, sinditokosa ndi waya chifukwa bowolo likakula limatulutsa gasi wambiri. Magetsi a 12 ndi ogwiritsa ntchito poyenda pokha, poti amadya batire kwambiri. Kumalo otentha ngati Tete, imani moti mbali ya firiji ikhale kumthunzi, ndipo muiyatse dzulo lake musanalongedze chakudya.

Pa gasi sindichita masewera, ndipo sindilola kasitomala kuchita nawo masewera. Pofufuza potuluka gasi timapaka thovu la sopo polumikizira paliponse n'kuona ngati likufufuma. Machesi sayandikira. Gasi wa m'silinda ndi wolemera kuposa mpweya, ndiye akatuluka amatsikira pansi. Pachifukwa chimenechi kabati ya masilinda imakhala ndi bowo pansi, ndipo ndimamva chisoni ndikapeza munthu walitseka ndi kapeti poopa fumbi. Paipi ya labala ili ndi chaka chake cholembedwa pambali, ikayamba ming'alu ichotsedwe. Choopsa kwambiri ndi mpweya wa carbon monoxide umene umatuluka moto ukamapsa moperewera. Sununkha, suoneka, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Musamawothe chitofu usiku mutatseka mazenera, musalowetse mbaula ya makala, ndipo muike kachipangizo kolira kakamva mpweya umenewu. Poyenda ndi pothira mafuta, silinda ikhale yotseka. Kuno ku South Africa ntchito yoika gasi imafuna munthu wolembetsedwa amene amapereka setifiketi, ndipo lamulo limeneli ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse.

Pampu ya madzi ikamangolira yokha "gurr" pakapita kanthawi, mipope yonse ili yotseka, ndiye kuti penapake pakudontha. Ndimayala pepala louma pansi pa polumikizira paliponse n'kudikira. Madzi obisala amaopsa kuposa injini yogogoda, chifukwa makoma a motorhome zambiri ali ndi matabwa opyapyala mkati. Amalowanso kuchokera padenga, pamene mankhwala omatira mazenera ndi zotulutsira mpweya auma ndi dzuwa. Ndikalowa m'galimoto ndimayamba ndanunkhiza. Kenako ndimatsegula makabati a m'mwamba n'kudina khoma ndi chala chachikulu m'makona. Likabonyoka, thabwa lawola kale. Mita yoyezera chinyezi ikapitirira 20 pa 100 alionse, pamenepo pafunika kufufuza. Kupaka silikoni wa kubafa pamwamba pa zomatira zakale n'kungobisa chilonda. Timachotsa zakale zonse, kupukuta, n'kumata ndi mankhwala opangidwira magalimoto otere, amene amalola khoma kugwedezeka osang'ambika. Kukwera padenga kamodzi mvula isanayambe kumapulumutsa ndalama zambiri.

Matayala a motorhome amakalamba asanathe mano. Munthu amandionetsa tayala looneka latsopano, ine n'kumuonetsa manambala anayi a m'mbali, pafupi ndi malemba akuti DOT. Pakalembedwa 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Likapitirira zaka 5 liziyang'aniridwa kwambiri, ndipo likafika 7 ine ndimati lichoke ngakhale mano alipo, poti laima padzuwa litasenza katundu mbali imodzi. Mpweya uziyezedwa m'mawa matayala asanatenthe, osaiwala la sipeya.

Kulemera ndi nkhani imene eni ake sakonda kumva. Motorhome zambiri zimaloledwa kufika makilogalamu 3,500 zonse pamodzi, amenenso ndi malire a laisensi ya B. Galimoto yokha imatenga gawo lalikulu la kulemerako. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 100 yadya kale makilogalamu 100, musanawerenge anthu, masilinda, njinga ndi chakudya. Pitani pa sikelo mutalongedza. Zolemera zikhale pansi, pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo, ndipo m'makabati a m'mwamba mukhale zovala. Galimoto yolemetsa imaphulitsa matayala ndi kupsereza mabuleki. Potsika mtsetse wautali ngati Van Reenen pa msewu wa N3, lowetsani giya yotsika muli pamwamba pomwe, injini izigwira galimoto. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, ndiye asinthidwe zaka 2 zilizonse.

Makasitomala akamva kuti ndine Mmalawi, ambiri amafunsa njira yopita kunyanja. Yachidule imadzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Ina imadzera ku Botswana, kuwoloka pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, kupita Livingstone, Lusaka, Chipata mpaka Mchinji. M'maiko onsewa magalimoto amayenda kumanzere. Pa boda pamafunika mapepala a galimoto, kalata ya mwini wake kapena ya banki ngati ili pa ngongole, chilolezo choilowetsa kwa kanthawi, ndi inshuwalansi ya dzikolo. Apolisi a pamsewu amafuna kuona matirayango awiri, chozimitsira moto ndi chovala chonyezimira. Ku Botswana kuli zipata zoteteza matenda a ng'ombe kumene nyama yaiwisi imatha kulandidwa, choncho musadzaze firiji musanadutse.

Langizo langa lalikulu ndi loti dzuwa likamapendeka mukhale mutafika pogona. Pakati pa Nata ndi Kasane njovu zimawoloka msewu, ndipo kwathu usiku m'mbali mwa msewu mumakhala anthu apansi, apanjinga, mbuzi ndi ngolo zopanda nyali. Thirani dizilo thanki ikafika theka, ndipo pewani wa m'zigubu, amene amatha kukhala ndi madzi kapena zinyalala. Tengani fyuluta ya dizilo yapadera, lamba wa injini, mafyuzi, ndi madzi a AdBlue ngati galimoto yanu imawafuna, chifukwa sapezeka paliponse. Mapulagi a ku Malawi ndi a mano atatu a makona, osiyana ndi ozungulira a ku South Africa, ndiye adaputa isatsale. Lembani kutalika kwa galimoto pa kapepala n'kumata pafupi ndi chiwongolero, poti nthambi ya mango pa malo ogona imatha kung'amba denga. Mukayenda pa msewu wafumbi wa timabampu tondondozana ngati malata, monga ilili yambiri ku Namibia, madzulo ake zungulirani ndi sikuludiraiva, mumange mahinjesi a makabati ndi kuyang'ana pansi pa sinki.

Msewu wotsikira ku Golomoti kuchokera cha ku Dedza ndi wokongola koma wokhotakhota, ufuna giya yotsika ndi mtima wodekha. Wokwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, ndipo motorhome yaitali ndi bwino kuisiya kunsi n'kukwera pa galimoto ina. Pali chinthu china chimene ndimapempha aliyense mochokera pansi pamtima. Kathanki ka chimbudzi ndi madzi otsukira mbale muzikhuthula pamalo pamene eni malo ogona akuonetsani. Nyanja imene mwapita kukaiona ndi imene amayi a m'midzi imeneyo amatungamo madzi, kuchapiramo ndi kusambitsiramo ana.

Galimoto ikamaima pakhomo, muziiyendetsako mwezi uliwonse mpaka injini itenthe, batire lizikhala pa tchaja kapena pa sola, thanki ya madzi ikhuthulidwe, ndipo chitseko cha firiji chisiyidwe chotsegula pang'ono kuti musachite chuku. Sabata imodzi ulendo usanafike, gonani m'galimotomo usiku umodzi pakhomo panu pomwe, osalumikiza magetsi a m'nyumba. Phikani, sambani, yatsani firiji pa gasi, tsegulani mpope uliwonse. Chilichonse chofooka chidzaonekera usiku umenewo, makaniko wanu ali pafupi ndipo sitolo ya zipangizo ili yotsegula m'mawa mwake.