GALIMOTO YOTSITSIDWA NDI NJIRA YA KUMUDZI

Mu komboni ya Chawama, kum'mwera kwa mzinda wa Lusaka, muli mnyamata wina wocokera ku Katete amene amapeza cakudya mwa kunyamula anthu pa galimoto. Galimotoyo ndi Toyota Corolla yogwirapo kale nchito ku Japan, imene inalowa m'Zambia kudzera ku doko la Dar es Salaam ndi cipata ca Nakonde, monga momwe zalowera galimoto zambirimbiri kuyambira pamene Boma linamasula malonda pambuyo pa caka ca 1991. Ndalama zogulira sizinali zake yekha ai. Amai ake kumudzi anagulitsa ng'ombe ziwiri ndi nshawa za zaka ziwiri kuti mwana wao apeze poyambira, ndipo iye analonjeza kuti galimotoyo idzakhala ya banja lonse, pa matenda ndi pa maliro pomwe.

Pa malo pamene amaimika galimoto podikira anthu, anzake anayamba kumseka. Anati galimoto yake yaima pamwamba ngati ngolo ya ng'ombe, pamene zao zinali zotsitsidwa monga zija anyamata amaziona pa zithunzi za m'foni. Mnyamatayo sanapirire citonzo. Anagula masipiling'i anai aafupi kwa mnzake amene anali kugulitsa galimoto yake, nawaika Loweruka lina pansi pa mtengo, ndipo Corolla inatsika ndi masentimita 4. Mashoki anasiya omwe aja anabwera ndi galimoto, poganiza kuti cinthu cosathyoka sicifuna kusintha.

Cimwemwe cinakhala miyezi itatu cabe. Shoki ya kutsogolo kumanzere inayamba kudontha oilo. Pa hampu iliyonse pansi panali kumveka kugunda ngati munthu ali kusinja, ndipo galimoto ikadutsa pa dzenje inali kupitiriza kudumpha ngati bwato pa nyanja. Matayala a kutsogolo anayamba kudyeka mbali ya m'kati. Amai amalonda amene anali kumbwereka kuti awanyamulire matumba a kabichi ndi tomato kucokera ku msika wa Soweto anayamba kuitana ena.

M'masiku omwewo kunabwera mau kucokera kumudzi akuti amai ake auzidwa kukaonekera ku cipatala cacikulu ca UTH mu Januwale, ndipo pa basi sangakhale cifukwa ca msana. Ulendo wa ku Katete ndi wa makilomita pafupifupi 500 pa mseu wa Great East, ndipo kucoka pa tala kufika kumudzi kwao pali njira ya ngolo yodutsa pa dambo. Tsono mnyamatayo anatenga ndalama zimene anasunga napita ku Matero kwa amalume ake, mlongo wao wa amai ake, kukafunsa mashoki oyenera kugula.

Mkuluyu anaphunzira umakanika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene m'miseu munali modzala ndi ma Fiat olumikizidwa ku fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, imene inatsegulidwa mu 1972, ndi ma Peugeot 504 amene anachuka mu Africa monse cifukwa ca kulimba kwa miyendo yake pa njira zoipa. Sanayambe ndi kukalipa. Anakanikiza galimoto pa ngodya ndi manja awiri naisiya, ndipo inadumpha katatu isanaime. Kenaka anaikweza pa jeke mpaka tayala linalendewera, nagwira sipiling'i ndi dzanja limodzi. Sipiling'iyo inazungulira momasuka pa mpando wake.

"Waona, mwanawe?" anatero mkuluyo. "Wamanga ng'ombe yaikulu ndi kathole pa goli limodzi. Mzere sungaongoke."

Zimene anafotokoza masana amenewo ndi zoyenera kudziwa aliyense amene ali ndi galimoto pa banja. Sipiling'i ndiyo imasenza kulemera kwa galimoto. Tayala likagunda mwala, iyo imafinyika kenaka nkubwerera, ndipo itasiyidwa yokha ingapitirize kudumpha ngati mpira. Nchito ya shoki ndi kuletsa kudumphako. M'kati mwake muli oilo ndi ndodo yacitsulo yokhala ndi mutu wa timabowo. Ndodoyo ikamatsika ndi kukwera, oilo amakakamizidwa kupita pa timabowoto, motero mphamvu ya kudumpha imathera momwemo. Mashoki a gasi alinso ndi mpweya wa nitrogen umene umaletsa oilo kucita thobvu akatentha.

Shoki ya kutsogolo kwa Corolla, imene mabuku a galimoto amaicha strut, ili ndi nchito yoposa pamenepa, pakuti ndiyo mwendo weniweni wa galimoto. Sipiling'i imakhala pa mbale yoocheredwa pa shokiyo, kunsi kwake kumamangidwa tayala, ndipo yonse imatembenuka pamodzi ndi ciongolero. Kapangidwe kameneka kanacokera kwa Earle MacPherson, injiniya wa ku America, ndipo kanafala ndi galimoto za Ford Consul ndi Zephyr za ku England kuyambira mu 1950. Mwendo wotere ukafooka, tayala silikakamira pansi bwino, mabuleki amacedwa kuimitsa galimoto, ndipo pokhota galimoto imafuna kupita kwake.

Sipiling'i yaifupi imabweretsa mabvuto atatu pa shoki yopangidwira sipiling'i yaitali. Loyamba, ndodo imakhala italowa kale m'kati ngakhale galimoto ili ciimire, kotero mpata woti itsikirepo umacepa ndi masentimita omwe aja galimoto yatsika nao. Pa hampu imafika kumapeto nkugunda kamphira kocinjiriza, ndipo kugundagunda kumeneku kumaononga mphira yotseka oilo. Laciwiri, sipiling'i yaifupi amaipanga youma kuti galimoto isakhudze pansi, ndipo imabwerera ndi mphamvu imene timabowo ta shoki wamba sitingathe kuigwira, makamaka shoki yokalamba kale. Lacitatu ndi lija mkuluyo anaonetsa pa jeke. Tayala likagwera m'dzenje, shoki yaitali imatambasuka kuposa sipiling'i, ndipo sipiling'i ingathe kucoka pa mpando wake galimoto ili pa liwiro.

Asanakambe za kugula, mkuluyo anapukuta masipiling'i aja nayang'ana nsonga zake. Anyamata ambiri m'makomboni amatsitsa galimoto mwa kudula masipiling'i wamba ndi gilainda, kapena kuwaocha ndi moto wa gasi kuti afwafwanyike. Masipiling'i otere alibe shoki yowayenera pa dziko lonse, cifukwa palibe amene adziwa mphamvu yake, ndipo oochedwa amathyoka mosacenjeza. Makampani odziwika monga Eibach ndi H&R a ku Germany amalemba nambala pa sipiling'i iliyonse nanena galimoto imene ayipangira ndi muyeso umene idzatsika nao. A mnyamatayo anapezeka kuti ndi enieni, osadulidwa. Cotsala cinali kuwapezera anzao.

M'mawa mwake awiriwa anayenda m'masitolo a zitsulo za galimoto m'tauni, ndipo anapeza mitundu itatu. Ochipa koposa anali mashoki ocotsedwa ku galimoto zophwasulidwa, ena atapakidwa utoto watsopano, pamodzi ndi ena atsopano opanda dzina lodziwika kapena okhala m'mabokosi onamizira dzina la kampani yaikulu. Mnyamatayo anakopeka ndi kunyezimira kwake, koma amalume ake anakankha ndodo ya imodzi ndi dzanja, ndipo inalowa mosabvuta ngati mthiko m'phala. Anangoti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mtundu waciwiri unali wa mashoki abwino a muyeso wamba, monga KYB Excel-G a ku Japan, Monroe ndi Gabriel. Amenewa amapangidwa kuti afanane m'litali ndi mphamvu ndi aja galimoto inatuluka nao m'fakitale. Pa masipiling'i ake enieni amakhala zaka. Pa galimoto yotsitsidwa pang'ono amapirira ndithu, koma pa masentimita 4 ndi miseu ya m'komboni moyo wao ungafupike, ndipo bvuto la sipiling'i yomasuka silingathe. Mtundu wacitatu ndi wa mashoki opangidwira galimoto zotsitsidwa. Kampani ya Bilstein ya ku Germany ili ndi mtundu wa B8, wofupikitsidwa kuti sipiling'i yaifupi ikhale yopanikizika nthawi zonse, ndipo Koni ya ku Netherlands ili ndi mtundu wa Sport umene munthu angathe kuumitsa kapena kufewetsa potembenuza kakiyi. Wogulitsa anati otere alibe pa shelefu, ayenera kuitanitsa ku South Africa, ndipo mtengo umene anachula unaposa ndalama zonse zimene mnyamatayo anali nazo.

"Amalume, nanga ndikakongola ndalama nkugula aafupiwo, nkhani yatha?" anafunsa mnyamatayo pobwerera.

Mkuluyo anatenga tepi nagwada kutsogolo kwa galimoto, nayesa kucoka pansi kufika pa sampu, mphika uja wosunga oilo kunsi kwa injini. Anapeza masentimita 11, m'galimoto mulibe munthu. Galimoto zazing'ono zambiri zimatuluka m'fakitale ndi mpata wa masentimita pafupifupi 15. Anauza mwana wa mlongo wake kuti shoki yabwino ingathetse kudumpha ndi kugunda, koma siingabweze masentimita otayika, ndipo akakweza anthu anai ndi thumba la ufa mpatawo udzacepa ndithu.

Mau amenewa anali ndi maziko pa miseu imene mnyamatayo amayendamo tsiku ndi tsiku. Makomboni monga Chawama ndi George anayamba opanda pulani, ndipo njira zake zinalambulidwa pambuyo pa lamulo la 1974 lobvomereza malo otere, pa nchito imene Boma linagwira ndi thandizo la World Bank. Mu 2013 President Michael Sata anayambitsa nchito ya L400 yokonza makilomita 400 a miseu ya Lusaka, ndipo tala inafika m'miseu ikuluikulu ya m'makomboni. Koma tala inabwera ndi mahampu ndi ngalande zakuya m'mbali, ndipo tinjira tolowera ku nyumba za anthu tambiri tikali ta miyala ndi dothi. Ku Kanyama nthaka ili pa thanthwe, madzi sapeza kolowera. Cigumula ca mu 1978 cinagwetsa nyumba zambiri kumeneko, ndipo m'dzinja zithaphwi zimabisa miyala yosongoka imene ingaboole sampu. Galimoto ikataya oilo wonse, injini imafa pa mphindi zocepa.

"Galimoto ndi yako, mwanawe," anatero mkuluyo. "Koma shoki imasankhidwa ndi sipiling'i, ndipo sipiling'i imasankhidwa ndi njira ndi katundu. Iwe yamba wadzifunsa kumene upita ndi amene unyamula."

Mnyamatayo sanagone bwino usiku umenewo. Kubweza galimoto pamwamba kunali kubvomera pamaso pa anzake kuti analakwa, ndiponso ndalama za masipiling'i aafupi zinali zitapita kale. Anaganiza zogula mashoki ochipa kuti angofika nao ku Katete, koma anakumbukira mapiri a Manenekela ndi makona ake otsikira ku mlatho wa Luangwa, ndi amai ake atakhala pa mpando wa kutsogolo. M'mawa anafunsa mkazi wake za masipiling'i akale, amene iye anati agulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha. Mkaziyo anawatulutsa kunsi kwa bedi m'thumba la ufa, nati cinthu cobwera ndi galimoto sacitaya.

Nchito inagwiridwa ku Matero pa Loweruka. Anagula mashoki a gasi a muyeso wamba, a kutsogolo awiri ndi a kumbuyo awiri, pakuti shoki sisinthidwa mbali imodzi yokha. Yatsopano kumanja ndi yakale kumanzere zimakokera galimoto kumbali pomanga mabuleki. Anasinthanso maunting'i a pamwamba ndi mabering'i ake, timphira tocinjiriza ndi zophimba fumbi. Pomanga masipiling'i mkuluyo anagwiritsa nchito zopanikizira zacitsulo, nakana njira ya anyamata yomanga ndi waya kapena cingwe, cifukwa sipiling'i yopanikizidwa ikapulumuka imathyola nsagwada kapena kupha munthu. Pomaliza anapita nayo ku makina a alainimenti, pakuti mwendo wa kutsogolo ukamasulidwa matayala amapendeka, ndipo kupendeka ndiko kunadya matayala aja mbali ya m'kati. Anamkumbutsanso kuti galimoto yonyamula anthu imayesedwa ndi bungwe la RTSA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la 2002, ndipo shoki yodontha siingamthandize pa tsiku loyesedwa.

Anzake anamseka ndithu monga anayembekezera. Koma mu Januwale Corolla inadutsa pa dambo la kwao matope akufika pakati pa matayala, pansi osakhudza. Pobwerera, atapitirira Sinda ndi Nyimba, amai ake anagona tulo, ndipo anadzuka ali pafupi ndi Chongwe nafunsa ngati mlatho wa Luangwa ukali kutsogolo. Za masipiling'i ndi mashoki sanauzidwe kanthu.

Masipiling'i aafupi aja sanawagulitse. Ali m'thumba lomwe lija kunsi kwa bedi, ndipo mwini wake amati tsiku lina, tala ikadzafika pa khomo pake ndipo akadzakhala ndi galimoto yaciwiri yosanyamula katundu, adzawagulira mashoki owayenera. Amalume ake satsutsa zimenezi, pakuti kutsitsa galimoto si mlandu ngati zitsulo zonse zigwirizana ndipo njira ilola.

Makolo ambiri kum'mawa ali ndi ana m'makomboni a Lusaka amene amatuma mau opempha ndalama za mashoki. Asanagulitse thumba la cimanga kapena mbuzi, ali ndi ufulu wofunsa mafunso atatu: ngati masipiling'i a galimotoyo ndi aja inabwera nao kapena anasinthidwa, ngati mashoki ofunikawo anapangidwira masipiling'i amenewo, ndiponso ngati galimotoyo ingafike pa khomo la kumudzi mwezi wa Januwale. Akulu anati safunsa anadya phula.