Maina amene akusowa pa pauta

Ndinanyamuka ku Tete m'bandakucha pa chapa, kuoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, kudutsa Moatize, kukhota pa Mussacama, mpaka kuyamba kukwera zitunda za ku Angonia. Amene munayendapo msewu umenewu mukudziwa kuti ku Tete munthu amachoka thukuta liri kamukamu, koma pofika ku Ulongwe amafunafuna jekete. Mvula yoyamba inali itagwa, ndipo m'minda monse anthu anali kalikiliki kubzala chimanga. Pa Ulongwe ndinakwera njinga yamoto kulowera cha ku Kalomwe, kumene kuli sukulu ina ya boma ya pulaimale kufupi ndi malire a Malawi. Dzina lake sinditchula, pakuti zimene ndinaonazo si za sukulu imodzi yokha.

Ndinafika tsiku lokhoma pauta, pepala lija la zotsatira za chaka. Ana anali ataunjikana pakhoma, wina kukwera pamsana pa mnzake, aliyense kufufuza dzina lake. Manota amalekeza pa 20, ndipo wopeza 10 ndiye wakhoza. Okhoza ankathamanga akukuwa, olephera ankazemba kuseri kwa kalasi.

A mkulu wa sukulu anandigwira dzanja nati, "Inu a pawailesi, musangoona manota ayi. Taonani kutalika kwa mapepalawa." Zoonadi, maina a kalasi yoyamba anadzaza khoma lonse, koma a kalasi 6, imene tsopano ndiyo yomaliza ku pulaimale, anakwana pa pepala limodzi. M'kalasi yoyamba atsikana ndi anyamata anali ofanana kuchuluka, koma m'kalasi 6 maina a atsikana anali apo ndi apo. Pafupi ndi maina ena panalibe nota iriyonse, koma liwu limodzi la Chipwitikizi, "desistiu", ndiye kuti anasiyira panjira.

Ndinafunsa kumene ana amenewa amathera. Aphunzitsi anandiwerengera ndi zala. Anyamata amapita koweta ng'ombe, kuganyu wa mbatatesi ndi wa fodya, kapena kukasenza katundu tsiku la msika. Amayamba ndi kujomba tsiku limodzi, kenaka sabata, mapeto ake amachita manyazi kubwerera. Atsikana amatsala kulera ana kunyumba, ndipo ena akangotha msinkhu, nkhani ya banja yayambika.

Palinso ana a mbali ziwiri. Pano malire ndi njira chabe: mayi kwao nkuno, bambo kwao ndi ku Dedza. Mwana amayamba sukulu tsidya linalo m'Chichewa, makolo akasamuka amabwera kuno kudzapeza Chipwitikizi. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, pamene kuno chimayamba kumayambiriro kwa chaka. Mwana wotereyu amataya miyezi akungokhala, ndipo kawirikawiri amabwezedwa m'mbuyo, nakhala wamtali pakati pa tiana. Manyazi amamaliza zotsalazo.

Makolo ambiri a kuno anakulira kothawa nkhondo ku Malawi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwerera m'zaka za 1993 ndi 1994 akudziwa kuwerenga Chichewa, koma osati Chipwitikizi. Lero mwana akabwera ndi ntchito ya kunyumba, bambo amangoyang'ana kabukuko ngati chithunzi. Inenso ndikukumbuka chaka changa choyamba: ndinkabwereza mawu a aphunzitsi mokweza, osamva ngakhale limodzi.

Nkhani ya chilankhulo si yachilendo m'chigawo chathu. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja pamodzi ndi Chipwitikizi kuno ku Tete, ndipo mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba m'sukulu zina za m'dziko muno. Pa sukulu imene ndinachezayi pali kalasi yotere. Mayi amene amaiphunzitsa anandiuza kuti kusiyana kwake kumaoneka pa chinthu chimodzi: ana ake amafunsa mafunso. Mwana amene wamva amafunsa, amene sanamve amangoti zii.

Dzuwa litapendeka kunabwera agogo ena aakazi ndi ndodo yao. Anandipempha kuti, "Mwana wanga, tandionereni mdzukulu wanga pamenepo." Ndinalipeza dzinalo pa kalasi 5, ndipo pambali pake panali liwu lija. Ndinavutika kuwauza. Iwo anaweramitsa mutu nati mtsikanayo analeka nyengo yokolola, amake atadwala, ndipo iwo ankayesa kuti dzina likafufutidwa ndiye basi. A mkulu wa sukulu anawayankha kuti, "Agogo, malo ake alipo. Sukulu ikamatsegulira mubwere naye, ndidzamlemba ndekha." Agogowo anaomba m'manja mwaulemu nabwerera.

Abale anga, ndi angati amene akuganiza monga agogowa? Kuyambira 2005 mwana salipira matrikula ku pulaimale. Lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo la 2019 likuletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18. Koma lamulo silidziwa njira ya ku dimba kapena ya ku dambo la ng'ombe. Amene amaidziwa ndi inu mafumu, anyakwawa, a khonsolo ya sukulu ndi makolo.

Tsono pitani pa sukulu ya kwanu mukaime pa pauta. Ngati kuwerenga kukuvutani, tengani mwana akuwerengereni. Mukamva dzina la mwana wa m'mudzi mwanu amene anasiyira panjira, mukudziwa khomo la kwao. Kagogodeni sukulu isanatsegulire, pakuti kuongola mtengo mpoyamba.